Kanyumba ka Mphunzitsi M'mphepete mwa Shire

Munthu amene adakhalapo pa Ulongwe m'miyezi ya chilimwe amazidziwa galimoto zija zimene zimapatuka pa msewu wa tala wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi, n'kulowera kum'mawa zikutsira fumbi amayi ogulitsa tomato ndi anyamata a kabaza. M'galimotomo mumakhala alendo ochokera kutali, ena ku Ulaya, ena ku America, ndipo ulendo wawo wa pamtunda umakathera padooko la mtsinje wa Shire, makilomita pafupifupi 15 kuchokera pamsika. Kwa zaka zambiri mlendo akafika pamenepo ankakweza mbendera pamtengo, ndipo bwato linkaoloka kudzamtenga kupita naye kutsidya, ku msasa wa Mvuu, m'kati mwa nkhalango yosungira nyama ya Liwonde. Kumeneko mlendo amagona m'kanyumba koyang'ana kumadzi, namva mvuu zikulira usiku wonse, m'mawa n'kuona njovu zikutsikira kumtsinje ndi ana awo.

Pa Ulongwe pomwepo, ndi m'masukulu ena a m'dera la Mfumu Kalembo, muli aphunzitsi amene chaka ndi chaka amajambula mtsinje wa Shire pabolodi. Amauza ana kuti mtsinjewu umatuluka m'nyanja ya Malawi pa Mangochi, nulowa m'nyanja ya Malombe, nutulukanso kulowera ku Liwonde. Amawauza kuti David Livingstone adadutsa m'chigwa chimenechi m'chaka cha 1859. Amawalembetsa maina a nyama zimene zimapezeka m'nkhalangomo kuti akakhoze mayeso. Tsono wina atawasonkhanitsa aphunzitsi onsewa nawafunsa kuti ndi angati amene adagonapo usiku umodzi wokha m'nkhalango imene amaiphunzitsayo, manja angaimikidwe angati? Ndipo mwa ana amene adatsiriza Fomu 4 chaka chatha, ndi angati amene adaonapo dzuwa likutuluka pa Shire ali m'kati mwa mpanda?

Nkhani ino ikunena chinthu chimodzi. M'nkhalango za Boma zimene zili m'mphepete mwa madzi, monga ya Liwonde ndi ya ku Cape Maclear, muyenera kukhala tinyumba tosavuta koma taukhondo, timene Mmalawi wolandira malipiro a pamwezi angabwereke kwa tsiku limodzi kapena awiri, nadziphikira yekha nsima yake, popanda kugulitsa mbuzi kapena kutenga katapila.

Poyamba nkoyenera kukumbutsana za chuma chimene chikunenedwachi. Nkhalango ya Liwonde idakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Gawo lake lalikulu lili kum'mawa kwa Shire, m'boma la Machinga, pamene kachigawo kakang'ono kali kumadzulo kwa mtsinje, mbali ya Balaka, ndipo kumpoto nkhalangoyi imakhudza nyanja ya Malombe. Pofika chaka cha 2015 zinthu zidali zitaipa kwambiri: misampha yawaya idali ponseponse, nyama zikutha, ndipo njovu zinkatuluka kukaononga minda ndi kupha anthu. M'chaka chimenecho Boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Adamanga mpanda wamagetsi, adachotsa misampha yoposa 30,000, nayamba kubwezera nyama zimene zidasowa. Nyama zaliwiro zija za cheetah zidabwera mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndipo mimbulu mu 2021. Njovu zidachuluka kotero kuti mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi ku Majete zidasamutsidwira ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidatengedwa ku Liwonde kupita ku Kasungu.

Imeneyi ndi ntchito yotamandika ndipo palibe munthu wanzeru amene angainyoze. Koma chuma chimenechi pali amene adachilipira, ndipo ambiri a iwo sadalembedwe m'buku lililonse. Ndi anthu a m'midzi yozungulira, amene makolo awo ankasaka ndi kuwedza m'malo amene lero n'koletsedwa kutero; ndi mayi amene chimanga chake chidadyedwa ndi njovu usiku umodzi chitangotsala pang'ono kucha; ndi banja limene lidataya mwana padooko chifukwa cha ng'ona. Lamulo losamala nyama zakutchire, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, limalola khoti kulamula munthu kukhala m'ndende mpaka zaka 30 pa milandu ikuluikulu. Lamuloli ndi loyenera, pakuti popanda ilo sibwenzi chipembere chikupumanso mpweya wa ku Machinga. Komabe munthu amene amauzidwa tsiku ndi tsiku kuti nyamazi ndi zake, pamene iye amazidziwira pa mpanda, pa mfuti ya agemu ndi pa chilango chokha, mawu akuti "zake" amamveka ngati chipongwe m'makutu mwake.

Wina anganene kuti chipata sichidatsekedwe kwa Amalawi, ndipo akunena zoona. Nzika ya dziko lino imalipira ndalama zochepa polowa, m'makwacha, pamene mlendo wakunja amalipira zambiri. Ana a sukulu amatengedwa kukaona nyama, makamaka amene ali m'magulu osamala zachilengedwe amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa kwa zaka zambiri. Malo ogona alendo alemba ntchito anthu ambiri a m'midzi yoyandikana nawo. Zonsezi nzabwino. Koma aliyense amene adaperekezapo ana pa ulendo wa tsiku limodzi amadziwa m'mene umathera. Lole imachedwa kunyamuka, ana amafika dzuwa lili pamutu, nthawi imene nyama zabisala m'mithunzi ya mitsanya, amaona nswala zingapo ndi msana wa mvuu, ndipo ikamakwana 3 koloko dalaivala wayamba kale kuimba hutala. Anawo amabwerera atatopa, ataona fumbi lambiri kuposa nyama.

Nkhalango imaonetsa zake madzulo ndi m'mamawa. Dzuwa likamalowa kuseri kwa migwalangwa, mvuu zimatuluka m'madzi kukadya msipu, njiri zimathamangira kuuna michira ili m'mwamba, ndipo usiku kumamveka fisi kutali, nthawi zina ngakhale mkango. Kukamacha nkhwazi imalira pamwamba pa mtengo wouma, mtsinje ukufuka nkhungu. Zimenezi sizioneka kwa munthu wodutsa, ndipo kuti munthu azione ayenera kukhala ndi pogona. Apa ndi pamene pagona vuto. Malo ogona apamwamba a m'nkhalango amawerengera mitengo yawo m'madola, ndipo usiku umodzi, kuphatikiza chakudya ndi kuyendetsedwa pagalimoto kapena pabwato, umafika madola mazana angapo, kuposa malipiro a mwezi wathunthu a mphunzitsi wa pulayimale. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, motero mtengo uliwonse wa m'madola udathawira kutali ndi thumba la Mmalawi ngakhale mwini malo sadaonjezepo kalikonse. Malo okhomapo tenti alipo ndipo ndi otsikirako mtengo, koma amafuna munthu amene ali ndi tenti ndi galimoto yake.

Vuto lotere maiko ena adakumana nalo, ndipo njira imene adatsata ndi yophunzitsa. Ku United States, kupatula nkhalango zikuluzikulu za dziko lonse, chigawo chilichonse chili ndi nkhalango zakezake zimene chimaziyang'anira, ndipo zambiri zili m'mphepete mwa nyanja zing'onozing'ono ndi madamu. M'nkhalango zimenezi muli tinyumba ta matabwa kapena ta miyala timene banja wamba limabwereka. Limasungitsa malo pasadakhale, limanyamula chakudya chake, limadziphikira, limasesa potuluka, ndipo limalipira mtengo umene munthu wa ntchito wamba angaukwanitse. Mulibe woperekera zakudya kapena woyala bedi. Muli denga, pogona, pophikira ndi khonde loyang'ana kumadzi, basi.

Chochititsa chidwi ndi m'mene tinyumba tambiri totere tidamangidwira. Sitidamangidwe pa nthawi ya chuma, koma pa nthawi ya umphawi woopsa. M'chaka cha 1933, ntchito zitasowa m'dziko lonselo, Pulezidenti Franklin Roosevelt adakhazikitsa gulu lotchedwa Civilian Conservation Corps, limene lidalemba anyamata osowa ntchito kuti akabzale mitengo, kulambula misewu ndi kumanga nyumba m'nkhalango. Pofika 1942, pamene gululi lidatha, anyamata pafupifupi mamiliyoni atatu adali atadutsamo, ndipo tinyumba tina timene adamanga tikubwerekedwabe mpaka lero, patapita zaka zoposa 80. Kufupi kuno, ku South Africa, nkhalango ya Kruger ili ndi midzi ya alendo yokhala ndi nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, m'mene anthu amadziphikira okha, ndipo kuyambira 2006 dzikolo limapatula masiku angapo chaka chilichonse, nthawi zambiri mu Seputembala, oti nzika zilowe m'nkhalango zambiri osalipira. Maiko awiriwa ali ndi malo ogona odula kwambiri, koma sadaiwale kusiya khomo la munthu wamba.

Pali zifukwa zimene anthu amapereka potsutsa ganizo limeneli, ndipo nkoyenera kuziyankha mosabisa. Choyamba ndi cha ndalama. Kusunga nkhalango n'kodula: alonda amafuna malipiro, mpanda umafuna kukonzedwa tsiku ndi tsiku, ndipo mlendo mmodzi wolipira madola amabweretsa ndalama zimene aphunzitsi khumi sangabweretse. Izi nzoona, ndipo palibe amene akupempha kuti malo odulawo atsekedwe kapena kuti atsitse mitengo yawo. Mlendo wolemerayo abwere ndithu, ndipo abwere ndi anzake. Chimene chikupemphedwa ndi tinyumba khumi kapena khumi ndi tiwiri, pamalo pena, timene mtengo wake ungakwanire kulipira mlonda, wosesa ndi kukonza denga. Tinyumba totere sitingalemeretse nkhalango, koma sitingaisaukitsenso. Ndipo chuma chodalira alendo akunja okha ndi chosakhazikika. M'chaka cha 2020, pamene matenda a Covid-19 adatseka maulendo a ndege, malo ogona alendo m'dziko muno adakhala pululu, ndipo adayamba kuitana Amalawi omwe aja amene kale sankawerengedwa.

Chifukwa chachiwiri ndi chakuti anthu akachuluka amabweretsa phokoso, zinyalala ndi ngozi. Ena amaopa kuti kanyumba ka m'nkhalango kadzasanduka malo omwera mowa, wailesi ikusokosa mpaka mbandakucha, mabotolo akuponyedwa m'madzi. Mantha amenewa ali ndi maziko, pakuti aliyense amene adafikapo kunyanja tsiku la tchuthi adaona m'mene mchenga umakhalira anthu akabalalika. Koma mankhwala a khalidwe loipa ndi lamulo lomveka ndi munthu wolitsata. Wobwereka auzidwe polowa kuti wailesi siloledwa, kuti zinyalala atuluka nazo, kuti kusambira mu Shire ndi kuyenda usiku popanda mlonda ndi kudziitanira imfa, ndipo wophwanya lamulo atulutsidwe osambwezera ndalama. Mwana saphunzira kudya mwaulemu pomuletsa kufika pamphasa.

Chifukwa chachitatu chimamveka kawirikawiri pakati pa Amalawi eni ake. Amati kugona kutchire n'kwa azungu, ndipo munthu wakulira m'mudzi, amene wathawa udzudzu ndi nyali ya koloboyi, sangalipire ndalama kuti akazionenso. Ena amaonjeza kuti tchuthi cha Mmalawi ndi kukaona makolo kumudzi, ndipo ndalama yotsala ili ndi ntchito kale: fizi, feteleza, maliro. M'mawu amenewa muli choonadi, koma muli kuiwala. Anthu omwewa amadzaza mabasi kupita ku Mangochi ndi ku Salima pa Khirisimasi, magulu a mipingo amakwera phiri la Mulanje ndi la Zomba, ndipo aphunzitsi amasonkherana kuti akaonere mpira ku Blantyre. Mtima wofuna kuona ulipo. Chimene sichidaikidwe patsogolo pawo ndi malo a mtengo woyenera, ndipo munthu sangadziwe ngati amakonda chinthu chimene sadachilawe.

Nyanja ya Malombe, imene ili pakhomo pa anthu a ku Ulongwe, ili ndi phunziro pa nkhani imeneyi. Kale nyanjayi inkatchuka ndi chambo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambocho chidatsika modetsa nkhawa, chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono amene ankakokolola ndi tiana tomwe, naononga malo oswanira. Malamulo adalipo, koma anthu ankawaona ngati a Boma, nsomba ngati za aliyense wofika msanga. M'chaka cha 1993 Boma lidavomereza kuti silingalondere nyanja lokha, ndipo lidayamba kukhazikitsa makomiti a asodzi m'madooko a Malombe kuti eni ake atengepo mbali. Chambo sichidabwerere monga kale, pakuti madzi akatayika saoleka. Nkhalango ya Liwonde ili ndi mwayi umene Malombe adausowa, woti ipeze abwenzi nyama zikadalipo. Mgwirizano wa Boma ndi bungwe lililonse uli ndi tsiku lothera, ndipo ndalama za othandiza akunja zimabwera ndi kupita, koma anthu a kwa Kalembo adzakhalapobe. Mpanda udzalimba kapena kugwa malinga ndi zimene zidzakhale m'mitima mwawo.

Nanga kanyumbako kakhale kotani? Sikafuna zambiri. Chipinda chimodzi kapena ziwiri, mabedi okhala ndi maneti a udzudzu, mawindo a sefa, nyali ya magetsi a dzuwa, chitofu cha gasi kuti pasapezeke wothyola nkhuni, miphika ndi mthiko, madzi abwino, chimbudzi ndi bafa zimene tinyumba tingapo tingagawane, ndi khonde lokhala ndi benchi. Malo ake akhale amene munthu wopanda galimoto angafikepo. Mbali ya kumadzulo kwa Shire ndi yoyenera pa chifukwa chimenechi, popeza wochokera ku Balaka, ku Zomba kapena ku Mangochi angatsike minibasi pa Ulongwe, n'kukwera kabaza mpaka pachipata, ndipo bwato limodzi la nkhalango lingamayendetse anthu khumi pamtsinje madzulo pa mtengo wogawana. A African Parks adatsegula kale msasa wa Chimwala, kumene alendo amadziphikira okha, ndipo imeneyi ndi njira yoyenera kuitalikitsa mpaka ifike kwa wopanda galimoto. Chimodzimodzi ku Cape Maclear, m'nkhalango ya Lake Malawi imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 1984 ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Kumeneko mwana wa sukulu angaone mbuna za mitundumitundu m'madzi oyera, naonanso manda a amishoni a Livingstonia amene adafika pamalopo mu 1875.

Kabwerekedwe kake kafunika kusamalidwa, pakuti chinthu chabwino chotsika mtengo chimakopa akuluakulu msanga, ndipo posakhalitsa chimasanduka cha iwo ndi abale awo. Mtengo ulembedwe poyera m'makwacha, pachipata ndi m'nyuzipepala. Wobwereka aonetse chiphaso cha unzika, asungitse malo pa foni ndi kulipira kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money kuti pakhale umboni, ndipo asapitirire masiku awiri kapena atatu. Pa tchuthi chachikulu cha Ogasiti, nthawi imene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana kumtsinje, tinyumba tina tisungidwire aphunzitsi ndi magulu a sukulu. Buku la obwereka likhale lotseguka kuti mafumu ndi makomiti a m'deralo aziliona.

Kwa achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akhala pakhomo ndi satifiketi m'sutikesi, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Tinyumba timeneti tifuna omanga, akalipentala, ofolera udzu ndi odziwa kulumikiza magetsi a dzuwa, ndipo makoleji a ntchito zamanja akutulutsa anthu otere chaka chilichonse. Tikamangidwa tidzafuna wolemba buku, woyendetsa bwato, wolondolera alendo amene amadziwa maina a mbalame m'Chichewa ndi m'Chiyao. Mlendo wodziphikira yekha amagula mpunga, mazira, tomato ndi nkhuku pamsika wa Ulongwe asanalowe, ndipo amakwera kabaza popita ndi pobwera. Ndalama yake ndi yochepa, koma imatsika m'galimoto ndi kulowa m'thumba la munthu wa pamsika, m'malo mongodutsa ndi fumbi.

Aphunzitsi nawo asadikire kuti zonse zikonzedwe ndi ena. Amene amatha kuchita chipereganyu chogulira malata angathe kuchita chipereganyu cha ulendo. Anthu asanu ndi mmodzi a pasukulu imodzi, akusonkha pang'onopang'ono kuyambira Januwale, angathe kufunsa mtengo wa nzika pa malo amene alipo kale, kubwereka tenti, ndi kukagona usiku umodzi pa tchuthi. Akabwerako alembe kalata yaulemu kwa oyang'anira nkhalango ndi kwa aphungu awo, kunena zimene adaona, ndalama zimene adataya ndi zimene zikadawapeputsira ulendo. Oyang'anira sangamange nyumba za anthu amene sadagogodepo. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo mphunzitsi wophunzitsa za njovu kuchokera m'buku lolembedwa ndi mlendo ali ngati munthu wotuma mnzake kukamumvera mlandu wake womwe.

Mwana wa Sitandade 7 amazindikira msanga kusiyana kwa mphunzitsi amene akuwerenga ndi mphunzitsi amene akukumbukira. Wokumbukirayo amanena m'mene nthaka idanjenjemera mvuu itadutsa kuseri kwa nyumba, m'mene mantha adamgwirira, ndi m'mene adasekera m'mawa ataona mapazi ake pafumbi. Ana makumi asanu ndi atatu amamva zimenezo chaka chimodzi, ena otero chaka chotsatira, ndipo mwa iwo mudzatuluka mfumu, phungu, msodzi ndi woweruza milandu ya nyama. Kanyumba kamene kangapatse mphunzitsi usiku umenewo sikadula kuposa kalasi imodzi ya njerwa, ndipo malo okamangapo m'mphepete mwa Shire alipo.